Katani ya ku Falansa ya Anachisale

Mwati inu simuopa mizimu? Chabwino, khalani pansi bwinobwino. Amuna olimba mtima kuposa inu, amuna otsegula botolo ndi chikope, anaimva nkhani iyi n'kubwerera kwawo atagwirana malaya ngati ana a sukulu ya mkaka. Ndipo musandiyang'ane choncho. Ine kusukulu sindinapondeko, ndiye bodza ndikanaliphunzira kuti?

Ku Luchenza kunali mmisiri wa mipando ya sofa, dzina lake Gelevaziyo. Mmisiri ngati ameneyo sadzabadwanso, ngakhale mutakwatitsa hamala ndi singano. Mpando wokhoma iyeyo ukakhalapo Lolemba, unkadzuka Lachinayi ndevu zitamera. Timisomali ankatisunga m'kamwa, mazana asanu nthawi imodzi, n'kumakulonjera bwinobwino, mwina mpaka kukuimbira nyimbo ya kwaya osameza ndi kamodzi komwe. Koma kunyumba kwake mipando inali yotuluka matumbo, siponji ili lendelende, mlendo akakhalapo waya n'kumupatsa moni kumbuyo.

Mayi ake, Anachisale, ankakhala kumudzi kuseri kwa minda ya tiyi, pamodzi ndi Benadeta, mlongo wake wa Gelevaziyo. Kuyambira pa utsikana mpaka imvi zili mbuu, Anachisale anagwira ntchito yochapa ndi kusita m'nyumba yaikulu ya pa esiteti ina, kwa dona wochokera ku Falansa. Donayo anabwera ndi makatani a agogo awo a agogo ake, olukidwa dziko lisanadziwe galimoto. Nsalu yake, abale inu! Katani imodzi ankainyamula amuna awiri uku akubuula. Maluwa ake sanali odinda ngati a chitenje ayi, anali olukira m'kati mwenimweni, ulusi ndi ulusi, moti ukaitembenuza unkapeza chithunzi chomwecho koma mitundu itasinthana malo. Munali amayi osenza madengu a mphesa, agwape akumwa madzi, ndi mbalame za michira yaitali zimene kuno sizinaterepo. Ukaiyang'anitsitsa unkamva ludzu la agwapewo.

Nsaluyo ikafuna kutha penapake, ankaikonza ndi Anachisale, ndi msoko waung'ono woti nyerere inkadutsapo osapunthwa. Tsiku limene dona ankabwerera kwawo, anatsitsa katani imodzi n'kuwapatsa. Anachisale anaipinda, n'kuiika m'tiranki pamodzi ndi masamba a bulugamu othamangitsa njenjete.

Gelevaziyo anaipempha nsaluyo katatu.

"Amayi, chinthu ngati ichi chikungogona m'tiranki? Ndipatseni ndikute mipando, Luchenza yonse idzabwere kudzaona."

"Ukute mipando kuti pazikhala matako a alendo?" Anachisale anayankha akuseka. "Iwe Gele, zaka makumi atatu ndakhala ndikuisita nsalu imeneyi, koma sindinaifundepo. Ndikadzatsikira kuli chete mudzandifunditse imeneyi, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ine ndimaopa kuzizira. Benadeta, wamva? Ndiwe mboni."

"Ndamva, amayi."

"Koma chiswe chidzadya," anatero Gelevaziyo.

"Chidzadye ine ndi nsalu yomwe. Tidzapitira limodzi."

Anachisale anamwalira mu Juni, chiperoni chitagwa, ija mphepo yozizira ya nkhungu ndi mvula yowaza imene imalowa mpaka m'mafupa. Ndiye panali chinthu china chimene chinkamudya Gelevaziyo. Mwana wake Felesita anali atapeza banja kwa anthu olemera a ku Blantyre, ndipo chinkhoswe chinali choti chichitikire kunyumba kwake mu Ogasiti. Akaganiza za asewere akewo atakhala pa mipando yake yotuluka matumbo, tulo tinkamuthawa.

Tsono kwathu kuno maliro sagwiridwa ndi eni ake. Kusambitsa, kuveka, kukumba ndi kukwirira, zonsezo ndi za adzukulu, anthu a banja lina. Chimene adzukulu amuveka womwalira ndi chake mpaka kalekale, ndipo adzukulu ali ndi ufulu woseka ofedwa mmene angafunire. Wamkulu wa adzukulu aakazi anali Esinala, mayi wa dzino limodzi, koma dzino limodzilo linkaluma kuposa mano a ng'ona.

Benadeta atatulutsa katani ija m'tiranki n'kuipereka, Esinala anaitambasula n'kukuwa.

"Hee! Anachisale akukakwatiwa ndi bwana kumeneko! Inu a Benadeta, lekani kulira, mungadonthezere mamina pa nsalu ya azungu."

Amayi m'siwa anaseka misozi ili m'maso. Anawasambitsa Anachisale, kuwaveka bafuta woyera, kenako n'kuwakulunga m'katani yonse, mbalame zili pachifuwa, agwape ali kumiyendo. Gelevaziyo anaona zonsezo ali pakhomo. Mtima wake unkawerenga: apa patuluka chotsamira, apa pokhalira, apa mikono ya mpando.

Bokosi anali atapanga yekha. Nthawi yotseka itakwana, anafika ndi thumba lake la zida.

"Chivundikirochi chapindika ndi chinyezi," anatero. "Mundipatse kampata ndichipale pang'ono."

"Iwe mwana wa maliro, m'siwa ukufunamo chiyani?" Esinala anafunsa. "Bokosi amakhoma ndi adzukulu."

"Ndikudziwa, amayi, koma thabwa limeneli limamvera mwini wake. Tulukani pang'ono, fumbi lingakuloweni m'maso."

"Mmisiri wa Luchenza yonse kupanga chivundikiro chopindika! Mipando yako ija imapindikanso chonchi? Chita msanga, amuna kumanda akuuma ndi mphepo."

Adzukulu aakazi aja anatuluka akuseka. Gelevaziyo anatseka chitseko. Sanawayang'ane kumaso mayi ake. Anangonong'oneza kuti, "Pepani amayi, akufa samva kuzizira," n'kuyamba kusolola. Nsalu inachoka mosavuta, kupatula ngodya imodzi imene inakanirira pansi pa dzanja lawo lamanja. Anakoka koyamba, ayi. Anakoka kachiwiri, ayi ndithu. Mpaka ananyamula dzanja lozizira lija, n'kuliika pambali. Anapinda katani n'kuikankhira pansi pa zida m'thumba, Anachisale n'kutsala ndi kabafuta kopyapyala kokha. Anakhoma misomali isanu ndi itatu mofulumira moti anthu panja anamva ngati msomali umodzi.

Adzukulu aamuna atanyamula bokosi, mmodzi anati, "Aa, bwanji agogo apepuka chonchi?" Esinala sanaseke. Anayang'ana bokosi, n'kuyang'ana thumba limene Gelevaziyo analikumbatira ngati mwana wodwala.

Atameta maliro, Gelevaziyo anabwerera ku Luchenza n'kuitambasula nsalu ija pa tebulo la m'shopu mwake. Mkazi wake, Agata, ataiona anagwira pakamwa.

"Bambo a Felesita, iyi si ija anafunda amayi?"

"Makatani anali awiri. Ina anandipatsa ali moyo."

"Awiri? Ine pabanja pano ndakalambira pompano, za awiri sindinamvepo."

"Umamva zonse iwe? Ndiwe wailesi? Kandiphikire tiyi."

Anatenga sizasi. Imene ija inkadula chikopa cha ng'ombe ngati tsamba la nthochi, koma tsiku limenelo inkatafuna nsalu ngati nkhalamba yopanda mano. Anainola katatu. Pomaliza inalowa, ndipo nsalu inalira kuti fwee, ngati munthu wotulutsa mpweya atatopa. Anadula pakati pa mayi wina wosenza dengu, mutu kwina, thupi kwina. Anadula mchira wa mbalame. Anakuta mipando iwiri ya mlombwa, yokongola moti anthu odutsa pamsewu ankavula zipewa. Zidutswa zotsala, ndipo zinali zambiri chifukwa iye ankasankha pokongola pokhapokha, anazisesa n'kuziponya pa mbaula. Kunkazizira, choncho anakhala pansi n'kuothera manja pa motowo. Utsi wake unkanunkha ngati tsitsi lopserera.

Mipando inalowa pabalaza, ndipo zinthu zinayamba pang'onopang'ono.

Choyamba, chiperoni sichinachoke. Chimene chimakhala masiku atatu kapena anayi, chaka chimenecho chinamanga msasa. Nkhungu inali yokhuthala moti anthu ankaidula ndi chikwanje kuti apeze chimbudzi, ndipo tambala wina analira n'kukamveka mawa lake.

Kenako singano yaing'ono inasowa m'shopu. Sizinasowe zikuluzikulu zosokera masofa ayi, inasowa yopyapyala, ya ntchito yosamala. Gelevaziyo anagula ina, nayonso n'kusowa. Pabalaza panayamba kumveka fungo la simbi ya makala, pamene nyumba imeneyo ankasitira ya magetsi. Mphaka wawo, amene ankagona paliponse, ngakhale mu mphika, akafika pa mipandoyo ankazungulira kutali ubweya uli nyaunyau.

Agata anayesa kukhalapo tsiku lina masana. Sanathe ndi mphindi ziwiri zomwe.

"Mpando uwu ukuzizira ngati mwala wa kumtsinje," anatero akudzisisita m'mikono.

"Ndi nsalu ya kwa azungu, inazolowera kwawo."

"Nanga mphesa zija zapita kuti?"

Gelevaziyo anawerama. Pa chotsamira, pamene panali phava la mphesa zofiira, panali poyera. Panalibe chiboo. Ulusi wofiira wokhawo unali utasololedwa, wina wonse uli m'malo mwake.

"Njenjete," anatero.

"Njenjete imadya mozungulira, bambo a Felesita, ndipo sisankha mtundu. Iyi ndi ntchito ya munthu wodziwa singano."

M'mawa mwake kunasowa phiko la mbalame. Mkuja wake, madzi amene agwape ankamwa. Tsiku lililonse kankachoka kachigawo kakang'ono, kochoka mwaudongo, ndipo tsiku lina anapeza kaulusi kofiira katadutsa pansi pa chitseko, kulunjika kumsewu wopita ku minda ya tiyi. Anakatola n'kukabisa m'thumba la malaya, mkazi wake asanakaone. Pofika masana m'thumbamo munalibe kanthu.

Lachisanu lina anafika pashopu Layisoni, bambo wa kabaza amene ankanyamula anthu pa njinga kuchokera ku mphambano ya ku tiyi. Anali atavala majekete awiri.

"Amisiri, alendo anu aja anafika bwino?"

"Alendo ati?"

"Agogo ena ake. Ndinawapeza dzulo masana pamphambano, m'nkhungu muja. Avala kansalu koyera kopyapyala, manja agwira m'mapewa. Anati ndikawatule kwa mmisiri wa mipando."

Timisomali timene tinali m'kamwa mwa Gelevaziyo tinayamba kuwawa. Anatilavulira m'dzanja.

"Anati ndani dzina lawo?"

"Sananene, ndipo nkhope sindinaione bwino. Koma amisiri, ine ndanyamula anthu, ndanyamula nkhumba, ndinanyamulapo bedi ndi mwini wake ali pomwepo. Agogo amenewo njinga sinawamve. Chitunda chija ndinakwera ngati ndikutsetsereka. Koma msana wangawu! Mpaka pano sunafunde."

"Analankhula kanthu?"

"Kamodzi kokha. Anati, 'Mwanawe, kodi dzuwa linasamuka?' Potsika ndinaona ali ndi chitsononkho m'manja, akukulungirapo ulusi. Nditatembenuza njinga kuti ndiwatsanzike, pamsewu panali ine ndekha. Ndi abale anu?"

"Sindikuwadziwa," anatero Gelevaziyo.

Mawu amenewo anamutsatira tsiku lonse. Sindikuwadziwa. Mayi amene anamubereka kumbuyo uku akusita malaya a eni, kuti iye adye.

Mbandakucha wa tsiku lotsatira, tambala asanalire, anadzidzimuka. Kuchokera pabalaza kunkamveka kaphokoso kakang'ono: tsii, kenako zii. Tsii, kenako zii. Ulusi ukusololedwa. Ndiye panamveka china chimene sanachiiwale moyo wake wonse, mano akugundana, gwegwegwe, ndi munthu akuuzira mpweya m'zala zake kuti zifunde, fuu, fuu, kenako n'kuyambiranso ntchito. Gelevaziyo anali atafunda mabulangete awiri. Chitseko cha kuchipinda chinali pafupi moti akanangotambasula dzanja. Akanatuluka, akanagwada, akanati amayi ndalakwa, tengani. Koma anaganiza za asewere a ku Blantyre. Chinkhoswe chinali chitatsala masiku asanu ndi atatu. Mumtima anati, "Chikangotha ndibweza. Apirire pang'ono." Anakoka bulangete n'kufunda kumutu.

Tsiku la chinkhoswe magalimoto anadzaza msewu mpaka mbuzi zinasowa podutsa. Mipando ija inali itachepa maluwa, komabe inali yokongola kuposa chilichonse chimene Luchenza inaonapo. Gelevaziyo anatsogolera mayi a mnyamata, mayi onenepa bwino, onunkhira mafuta a m'tauni.

"Khalani apa, asewere. Kampando kachabechabe, ndinangokakhoma ndi nsalu yakale ya ku Falansa."

"Ii, asewere, koma ndiye muli ndi manja! Zoterezi ngakhale kwathu kulibe."

Anakhala. Gelevaziyo anatupa ngati finye. Koma asanamalize kumwetulira, mayi aja anayamba kukoka shawelo yawo, milomo ikunjenjemera. Anacheuka, kenako anaimirira msangamsanga n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Pepani, asewere, sindinaone kuti pali achikulire. Sindingakhale pampando iwo ataimirira."

"Achikulire ati?"

"Awa ali kumbuyo kwa mpa..." Anatembenuka. Kumbuyo kwa mpando kunali khoma lokha. "Anali pompa. Anagwira nsaluyi chonchi, ndi zala ziwiri. Koma bwanji mwawasiya osavala juzi, kuzizira konseku?"

Nthawi yomweyo Benadeta, amene anafika m'mawa kuchokera kumudzi n'kulunjika kukhitchini, analowa atanyamula jagi ya thobwa. Anaona mpando woyamba. Anaona wachiwiri. Anaona mayi wosenza dengu wopanda mutu uja. Jagi inagwa, thobwa n'kumwazikira pa nsapato za alendo, ndipo pakati pa chinkhoswe panabuka mfuu wa maliro.

"Mayi ine! Mayi anga ine! Achimwene, mwawavula amayi! Amayi agona pamtunda miyezi iwiri!"

"Chemwali, tonthola, alendo..."

"Alendo? Munawavula amayi chifukwa cha alendo? Ndinali mboni ine, achimwene! Anandiuza ine kuti ndamva, ndipo ndinati ndamva!"

Agata anangokhala pansi n'kufunda chitenje kumutu. Ankhoswe anatulutsa anthu n'kukamalizira mwambo pansi pa mtengo wa mango, m'mvula yowaza. Banja la Felesita linamangidwa ndithu, koma palibe amene anabwereranso pabalaza, ndipo palibe amene anamutsanzika Gelevaziyo.

M'mawa mwake anayenda wapansi mpaka kumudzi. Anamupeza Esinala pakhonde akusenda nandolo. Anagwada pamatope, bambo wamkulu wa imvi.

"Dzuka, ungandithere matope pakhomo," anatero Esinala. "Ndinadziwa tsiku lomwe lija. Ndinati Anachisale ndi katani yawo sangapepuke ngati dengu la madeya."

"Bwanji simunanene, amayi?"

"Ndinene chiyani? Titsegule bokosi pamaso pa khamu lonse, anthu aone mayi ako atavulidwa ndi mwana wawo? Ndinasunga ulemu wawo. Wako unalibe woti ndisunge."

"Ndithandizeni. Auzeni adzukulu tifukule, ndiwafunditse ndi manja angawa."

"Kafukule mbatata kumunda kwako. Manda safukulidwa, Gelevaziyo. Ife adzukulu timafunditsa munthu kamodzi, ndipo tinawafunditsa bwinobwino, mapazi omwe. Zinazo unachita wekha utatseka chitseko."

"Ndiye nditani? Akubwera kwathu tsiku ndi tsiku. Akutenga ulusi umodziumodzi, zala zitauma ndi mphepo. Ndinawamva, amayi. Ndinawamva ndili m'mabulangete awiri."

Esinala anasiya nandolo. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, dzino lake lija linasowa choluma.

"Kailumikize nsaluyo," anatero pomaliza. "Ibwerere mmene inalili. Tidzakuperekeza ukaiyale pamtumbira. Akafuna adzatenga okha. Ngati anatha kuyenda mpaka ku Luchenza, pakhomo pawo sangalephere."

Gelevaziyo anabwerera n'kukanganula nsalu pa mipando, kamsomali ndi kamsomali, mosamala ngati akuchotsa minga m'phazi la khanda. Anayala zigawozo pansi m'shopu kuti azibwezere m'malo mwake. Apa mpamene anaona bwino chimene anachita. Chotsamira apa, pokhalira apo, timizere ta m'mikono uko, ndipo pakati pa zonsezo simenti ili mbee, mipata ikuluikulu. Zimene zinali m'mipatamo anaziothera yekha pa mbaula. Anafufuza m'phulusa, anafufuza kudzala, anafufuza mpaka m'zisa za makoswe. Sanapeze ndi kachidutswa kokwana chikhadabo.

Anakwera minibasi kupita ku Limbe n'kukasankha veleveti wabwino kuposa yense, wofiirira, wofewa ngati khutu la mwana wa ng'ombe. Anadula zigamba n'kutseka mipata yonse. Anasoka pamanja masiku asanu ndi limodzi, osakhudza makina, msoko waung'ono umene sanasokepo chiyambire ntchito, mpaka zala zinatuluka magazi. Itatha, nsaluyo inabwerera pa msinkhu wake wakale. Agata anati ndi yokongola. Benadeta anaiyang'ana n'kutembenukira kumbali.

Anapita kumanda m'mawa, adzukulu ali patsogolo monga mwa mwambo. Pamphepete pa msitu Esinala anawomba m'manja katatu.

"Odi, eni mudzi! Odi, Anachisale! Tabwera ndi mbava yanu ija, yabweza katundu."

Gelevaziyo anaiyala nsalu pamtumbira kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuipindira m'mbali ngati mmene umafunditsira mwana. Anafuna kunena zambiri, koma chimene chinatuluka ndi "Amayi, ndine Gele." Nkhungu inali ikuyenda pakati pa mitengo. Palibe chinayankha.

Anadikira masiku atatu, n'kubwereranso ndi Esinala ndi Benadeta. Ali chapatali anaona kuti mtumbira uli pamtunda, dothi lofiira lili poyera, ndipo Gelevaziyo anafuula.

"Atenga! Chemwali, atenga!"

Anathamanga ngati mnyamata. Atafika pafupi anaima.

Kumutu kwa mtumbira kunali kamulu ka nsalu, kopindidwa bwinobwino, mwala uli pamwamba kuti mphepo isaulutse. Anali veleveti uja, zigamba zonse, osasowa ndi chimodzi chomwe. Msoko wake wa masiku asanu ndi limodzi unali utaphwasulidwa wonse osang'amba paliponse, ndipo ulusi wake unali utakulungidwa kampira n'kuikidwa pambali. Zigawo za katani ya ku Falansa zokha ndi zimene zinapita.

"Atenga zawo," anatero Benadeta motsitsa mawu. "Zanu akubwezerani, achimwene."

Esinala anatola zigambazo n'kuyamba kuziyeza ndi mkono wake, chimodzichimodzi, milomo ikuyenda. Atamaliza anapukusa mutu.

"Veleveti yekhayu wapitirira theka. Zimene atengazo, ngakhale aphatikize ndi ulusi uja ankatola, sizikwana mikono iwiri." Anamuyang'ana Gelevaziyo, ndipo m'mawu mwake munalibe chipongwe. "Mayi ako anali aatali, iwe. Ankathyola papaya osaponda pamtondo."

Kuyambira tsiku limenelo kunyumba kwa Gelevaziyo sikunamvekenso kanthu. Singano zinasiya kusowa, fungo la makala linatha, mphaka anabwerera pabalaza. Chiperoni chinanyamuka, dzuwa n'kutuluka. Anthu anati zatha bwino. Koma kwa Gelevaziyo chete ameneyo anali woposa phokoso lija. Ankasiya chitseko chosakhoma, ankasiya singano ndi ulusi patebulo, bulangete latsopano lili pampando. M'mawa ankapeza zonse zili mmene anazisiyira. Akanabwera kudzamutukwana, kapena kudzamukanda kumaso, bwenzi zili bwino. Koma Anachisale analibenso chawo m'nyumba imeneyo, ndipo sanali munthu wopita kwa eni popanda chifukwa.

Anakhala zaka zina zambiri, akukhomabe mipando ya anthu. Koma Juni akafika, nkhungu ikatsika kuchokera kuphiri, ankatuluka pakhonde ndi malaya okha n'kukhala pamenepo akuyang'ana kumene kuli minda ya tiyi. Tsiku lina, onse awiri atakalamba, Agata anamubweretsera jekete.

"Valani, bambo a Felesita. Mudwala chibayo."

Iye anakankhira jeketeyo pambali pang'onopang'ono.

"Mayi a Felesita, iwe unkawadziwa amayi. Nsalu ikachepa, ankafunda kuti? Kumapewa kapena kumapazi?"

Agata anapinda jekete ija pamkono.

"Kumapazi," anatero. "Ankati mapazi akazizira, tulo sitibwera."

Gelevaziyo anagwedeza mutu, n'kupingasa manja, kugwira mapewa ake onse awiri.

"Ndiye kuti apa pali pamtunda," anatero.